Kudutsa m'minda ya eni: sabata imodzi pa Cotswold Way

Lolemba, Chipping Campden

Ndafika bwino. Sitima yanditula pa Moreton-in-Marsh masana, kenako basi yandibweretsa kuno kudzera m'timisewu tothina, toti magalimoto awiri akakumana wina amayamba wapatuka kuti mnzake adutse. Chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri ndili ku England, koma dziko limene ndikulidziwa ndi la m'wodi ya chipatala, la pa siteji ya basi m'bandakucha, ndi la m'sitolo. Minda ndimangoionera pa zenera la sitima. Tchuthi chino ndati ndikaiponde ndi mapazi angawa.

Njira imene ndasankha imatchedwa Cotswold Way. Yonse ndi makilomita 164, kuchokera m'tauni ino kukafika ku Bath, ndipo idalowa m'gulu la njira zikuluzikulu za oyenda pansi m'dziko lino mu 2007. Ine sindiimaliza. Ndiyenda chigawo chakumpoto chokha, mpaka pa phiri la Cleeve pamwamba pa Cheltenham, chifukwa Lolemba likudzali ntchito ikundidikira.

Ndisanatuluke kukaona tauni ndinaimbira amayi ku Bembeke. Nditawafotokozera anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Nanga kumeneko ukukaona ndani?" Ndinati palibe. "Kuli zovuta?" Ayi amayi, kulibe. "Ndiye uyenda wapansi masiku onsewo, basi ilipo, popanda amene ukumulondola?" Funso lawo ndi lomveka. Kwathu munthu sayenda chabe. Amapita kuchigayo, kudimba, kumsika, kukazonda matenda. Ndinawauza kuti ndikufuna ndikaone mmene anthu akuno amalimira, ndipo apo mtima wawo unakhala pansi. Anati ndikayang'anitsitse dothi, ndidzawauze ngati mbatatesi ingachite.

Tauni yonseyi ndi ya mwala umodzi, wachikasu chofiirira ngati nsinjiro za mtedza wokazinga. Nyumba, mipanda, ngakhale madenga ambiri, zonse mwala womwewo, wokumbidwa m'mapiri omwewa. Pakati pa msewu waukulu pali chisakasa chamiyala chimene munthu wina wachuma, Baptist Hicks, adamangira ogulitsa batala, tchizi ndi nkhuku mu 1627. Pansi pake miyala idaperepeseka ndi mapazi. Dzina loti Chipping limachokera ku liwu lachingerezi chakale lotanthauza msika. Chuma cha kuno chidachokera pa msana pa nkhosa: ubweya unkagulitsidwa kutsidya la nyanja, ku Flanders (dera la ku Belgium wa lero) ndi ku Italy, ndipo amalonda ake ndi amene adakuza tchalitchi cha St James, chachikulu kuposa mmene tauni yaing'ono chonchi ingafunire.

Pafupi ndi chisakasacho pali mwala wozungulira wosonyeza poyambira njira. Ndauona, koma ndiuponda mawa.

Lachiwiri, kuchoka ku Chipping Campden kufika ku Broadway

Makilomita pafupifupi khumi lero, ndipo chimene chandigwira mtima si phiri, si nsanja, koma kachipata.

Nditangotuluka m'tauni, chikwangwani chinaloza m'munda wa munthu. Osati m'mphepete mwa msewu, ayi, m'munda mwenimweni. Pa mzati panali kamuvi kachikasu ndi chithunzi cha kambewu ka mtengo wa oak, chomwe ndi chizindikiro cha njira zikuluzikuluzi. Ndinaima pamenepo kanthawi. Zaka zonsezi ndaphunzira kuti kuno chilichonse chili ndi mwini wake ndi loko wake, ndipo mlendo wakhungu ngati langali amadziwa kufunika koyenda poyera, posapatsa munthu chifukwa chokufunsa. Pakamwa panga panabwera "odi", koma woti ayankhe panalibe. Ndinakankha kachipatako ndi kulowa.

Tizipata take ndi tanzeru. Chitseko chimayenda uku ndi uku m'kati mwa kampanda kokhota, moti munthu amalowa, kukankha chitseko, n'kutulukira mbali inayo, koma nkhosa singathe. Palibe choiwala kutseka. Pena m'malo mwa chipata pali timatabwa tokwerapo podumpha mpanda.

Pa Dover's Hill ndinapuma, chigwa cha Evesham chili phee kunsi kwanga. Pamalo amenewa pamachitika masewera a chaka ndi chaka amene Robert Dover adayambitsa cha m'ma 1612, ndipo ena mwa masewerawo ndi omenyana mateche m'miyendo, anthu atadzaza udzu m'mabuluku. Lero panali nkhosa zokha.

Kupitirira pamenepo njira inadula pakati pa munda wa tirigu wokololedwa kale. Ziputu zokhazokha, zoyera, mpaka uko, ndi mitolo ya mapesi yaikulu ngati nkhokwe zogonekedwa cham'mbali. Munda umodzi wokha ungakwane minda ya mudzi wathu wonse. Ndipo m'munda monsemo munalibe munthu ngakhale mmodzi. Kwathu mwezi uno wa Seputembala anthu ali kalikiriki kusosa ndi kugalauza, utsi uli tolotolo, ukamadutsa umalonjera mpaka kukhosi kuuma. Kuno munda wonsewu waukolola munthu mmodzi ndi makina, mwina tsiku limodzi, n'kumapita. Ndinawerama ndi kutapa dothi monga anandituma amayi. Ndi losaya, lodzaza timiyala toyera tophwanyika. Mbatatesi yathu ingavutike. Ndamvetsa chifukwa chake makolo akuno adadalira nkhosa.

Madzulo ano ndakhala ndikuwerenga za lamulo la tinjirati, chifukwa zandizunguza mutu. Mlimi ndi mwini munda, koma kanjira kodutsamo ndi ka anthu onse. Saloledwa kukatseka. Akalima n'kukafafaniza ndi pulawo, lamulo limamupatsa masiku 14 kuti akabwezeretse, ndipo mbewu zikamera ayenera kusiya mpata wosachepera mita imodzi. Njira zoterezi ku England ndi Wales zimakwana mamailosi pafupifupi 140,000. Zambiri sizidapangidwire okaona malo ngati ine. Zidali njira za anthu opita kutchalitchi, kumsika, kuchigayo ndi kuganyu. Amayi akadamva zimenezi akadati, ndiye zomwezo.

Nsanja ya Broadway ndinaifika dzuwa litapendeka. Idamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1790 pamwamba pa phiri la mamita 312, osati yankhondo kapena yokhalamo mfumu, koma yoti anthu achuma aziiona ali kutali. Pafupi pake pali agwape ofiira m'kati mwa mpanda. Kutsika kwake n'kokoma, msipu wokhawokha mpaka kulowa m'mudzi wa Broadway, womwe uli ndi msewu wotakata ndi alendo ambirimbiri ojambula zithunzi. Chala chaching'ono cha phazi lamanzere chatuluka thuza. Ndachimanga.

Lachitatu, kuchoka ku Broadway kufika ku Stanton

Ulendo waufupi, koma wokwera. Kwacha ndi nkhungu yonga ya ku Dedza mwezi wa Juni, yonyowetsa nsidze. Udzu unali ndi mame moti pofika pamwamba masokosi anali atanyowa.

M'mipanda yamitengo yolekanitsa minda muli tizipatso takuda tonga mabulosi, tomera pa ziyangoyango zaminga. Ino ndiyo nyengo yake. Ndinaona mayi wina wachikulire akutchola n'kumaika m'kambale, ndiye nanenso ndinayamba. Tina totsekemera, tina towawasa mpaka kutsinzina. Pofikira tapamwamba dzanja linakhudza khwisa wakuno, ndipo kuyabwa kwake ndi komwe kuja. Mayiwo anandionetsa tsamba lina lotambalala lomera pafupi, nati ndifikise pamene pakuyabwapo. Ana akuno amaphunzitsidwa zimenezi ali aang'ono. Ndinasangalala kuona kuti nawonso ali ndi mankhwala awo a kutchire.

Chinthu china: m'njira muno aliyense amapereka moni. Anthu omwewa, amene mu basi ya ku Birmingham amayang'ana pansi ngati mwakangana, kuno amakuyang'ana kumaso, kukufunsa kumene wachokera lero ndi kumene ukagone. Funso loti "wachokera kuti" ndalimva kambirimbiri m'dziko lino, ndipo nthawi zambiri limafuna dzina la dziko. Kuno limafuna dzina la mudzi umene wagona dzulo. Ndikayankha kuti Broadway, nkhani yatha, tayamba kukamba za matope.

Ndisanafike pa phiri la Shenberrow ndinapeza ng'ombe zitaima pa chipata chenicheni chimene ndimayenera kudutsa. Zinali zazing'ono, zachidwi, zoposa makumi awiri. Banja lina linali litaima patali ndi galu wawo, likuopa, ndipo mantha awo ndi oyenera chifukwa ng'ombe zikaona galu zimatha kulusa, makamaka za ana. Ine ndidakula ndikuweta za agogo kudambo. Ndinayenda pang'onopang'ono cha m'mbali, ndikuzilankhula motsitsa mawu m'Chichewa, ndipo zinapatuka. Banjalo linadutsa pambuyo panga. Bamboyo anafunsa chimene ndimaziuza. Ndinati ndimangozipempha njira. Aka n'koyamba m'dziko lino kuti nzeru za kubusa zindigwirire ntchito, ndipo ndinayenda mtunda wotsatirawo mtima uli myaa.

Mipanda yamiyala ya kuno ndiyofunika kuiima n'kuiyang'ana. Ilibe simenti ngakhale dothi. Mwala umangogona pa unzake, mizere iwiri yopendekera m'kati, timiyala tating'ono todzaza pakati, ndipo pamwamba miyala yoimika chilili. Madzi amadutsa, chisanu sichiuphwanya msanga. Pamalo pena mpanda unali utagumuka ndipo wina anali atayamba kuukonza, miyala ataiyala pa udzu potsata kukula kwake. Wokonzayo sindinamupeze.

Stanton ndi mudzi wokongola kuposa yonse imene ndaona, ndipo ndi umene wandimvetsa chisoni. Msewu umodzi wokwera, nyumba zamiyala za zaka mazana anayi, maluwa pakhomo paliponse. Koma ndinayenda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi osamva mwana akulira, osaona utsi, osamva fungo la ndiwo. Pa zitseko zina pali timabokosi ta manambala tosungiramo makiyi, chizindikiro choti nyumbayo ndi yobwereketsa kwa alendo a tchuthi. M'midzi yambiri ya dera lino nyumba zidakwera mtengo moti wogwira ntchito pa famu sangazikwanitse. Mudzi ulipo, eni mudzi adasamuka. Kwa ine mudzi ndi phokoso: mtondo, mbuzi, wailesi ya kwa aneba, wina akuitana mwana dzina lonse.

Komabe pa geti lina ndinapeza kabokosi ka mazira ndi kachitini koponyamo ndalama, popanda wogulitsa. Ndagula asanu ndi limodzi. Mayi wa nyumba imene ndagona wandiphikira atatu, enawo ndinyamula mawa.

Lachinayi, kuchoka ku Stanton kufika ku Winchcombe

Lero ndiye tsiku limene ndidzalikumbuke.

Nditangochoka ku Stanton, dzuwa likadali pansi, ndinalowa mu msipu wa nkhosa ndipo ndinaona kuti nthaka yake si yosalala. Inali ndi mitumbira italiitali yogona motsatana, ngati mafunde, mthunzi uli m'makwawa mwake. Ndinaima. Iyi ndi mizere! Yaikulu kuposa yathu, umodzi kutambalala kwake mapazi angapo a munthu wamkulu, koma mizere ndithu. Idapangidwa zaka mazana ambiri zapitazo ndi mapulawo okokedwa ndi ng'ombe, amene ankatembenuzira dothi mbali imodzi chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo munda wa mudzi unkakhala umodzi waukulu wopanda mipanda, banja lililonse lili ndi ndime zake apa ndi apo, ndipo akakolola ziweto za onse zinkadya pamodzi. Ndi mmene timachitira kwathu chimanga chikachoka m'munda. Kenako malo adagawidwa ndi kutchingidwa, makamaka m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 kudzera m'malamulo a nyumba ya malamulo, ndipo amene adalibe mphamvu adataya podyetsa ng'ombe ndi potola nkhuni. Ambiri adakathera m'mafakitale a m'mizinda. Pamene munda udasanduka msipu, pulawo sidabwererenso, ndiye mizere idatsala pansi pa udzu mpaka lero.

Ndinakhala pa mtumbira umodzi n'kudya dzira. Maganizo anapita kwa malemu bambo anga. Kuchokera kunyumba kwathu kupita kudimba kudali kanjira kodutsa m'minda ya mabanja atatu. Palibe adakalemba papepala. Tinkangodutsa, kulonjera, nthawi zina kuthandiza kusenzetsa mtolo. Zaka zingapo zapitazo umodzi wa mindayo udagulitsidwa kwa munthu wa m'tauni, ndipo iye adazunguliza waya, kenako njerwa. Sadalakwire lamulo lililonse limene ife tikulidziwa. Koma amayi, ndi msinkhu wawo, tsopano amazungulira kumsewu ndi khasu ndi ndowa, ulendo wowirikiza kawiri. Nkhaniyi idafika kwa amfumu, anthu adakambirana, koma mpanda udakalipo.

Pa Stanway njira imadutsa pakati pa mitengo ikuluikulu ya oak, pafupi ndi nyumba yaikulu yokhala ndi chipata chosemedwa mokongola, ndi nkhokwe yamiyala ya m'zaka za m'ma 1300 imene amonke ankasungiramo chakhumi cha zokolola. M'munda wa nyumbayi muli kasupe amene amaponya madzi m'mwamba mamita pafupifupi 90 popanda pampu, ndi mphamvu ya madzi otsika kuphiri basi. Lero sanatsegule.

Chitunda chochokera ku Wood Stanway chinanditulutsa thukuta. Pamwamba pake ndinapeza bambo wina wa imvi akukonza mzati wa chikwangwani, nyundo ili m'manja. Ndi mmodzi wa anthu ongodzipereka amene amasamala njirazi popanda malipiro: kudula minga, kukonza zipata, kukhoma timivi. Tinacheza nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati alimi amakondwa ndi anthu odutsa m'minda mwawo. Anati ena inde, ena ayi, ndipo amene sakondwa ali ndi zifukwa: zipata zosiyidwa zosatseka, agalu othamangitsa nkhosa za bere, zinyalala. Ndinamufotokozera za kanjira ka bambo anga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati kunonso zinkatero, ndipo sizidasinthe zokha. Anandikumbutsa za 1932, pamene anthu mazana angapo, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, adakwera dala phiri la Kinder Scout lomwe eni malo ankaletsa, ndipo asanu adatsekeredwa m'ndende. Lamulo la 1949 ndi limene lidalamula makhonsolo kuti ajambule njira zonse za anthu pa mapu ovomerezeka. Njira ikalowa pa mapu amenewo, ngakhale munda ugulitsidwe kakhumi, wogula amaugula ndi njira yake yomwe.

Mawu amenewo ndayenda nawo tsiku lonse. Sindikufuna kuti kwathu kufanane ndi kuno. Sindikufuna minda yopanda anthu ndi midzi yopanda utsi. Koma chinthu chimodzi ichi ndachisirira ndi mtima wonse. Ife tinjira tathu timasungidwa ndi ulemu ndi kudziwana, ndipo zimenezo zimagwira ntchito pokhapokha mwini munda ali munthu amene mudzakumane naye pamaliro. Akabwera wogula amene sakudziwani, ulemu ulibe pogwira. Malo akamalembetsedwa ndi kugulitsidwa, njira za kudimba, za kuchitsime ndi za kumanda zimayenera kulembedwa nawo, anthu amene akuzidziwa akadali moyo.

Kutsika kwake ndinadutsa m'minda ya maapozi mpaka pa mabwinja a Hailes Abbey. Nyumba ya amonkeyi idakhazikitsidwa mu 1246 ndi Richard wa ku Cornwall, mchimwene wake wa mfumu Henry III, ndipo anthu ankayenda mitunda italiitali kudzapemphera pano. Mu 1539, nthawi ya mfumu Henry VIII, idatsekedwa, ndipo lero kwatsala makoma ochepa okhota ngati uta. Chimene chandikoka kwambiri ndi katchalitchi ka patsidya pa msewu, kakale kuposa mabwinjawo, kokhala ndi zithunzi zozilala zojambulidwa pa makoma. Munali zii ndi kuzizira. Ndinakhala pa benchi n'kupempherera amayi.

Ndalowa mu Winchcombe miyendo ikunjenjemera.

Lachisanu, Winchcombe

Mvula kuyambira usiku, yamawawa, yosalekeza. Ndaganiza zopumitsa phazi.

Ndazungulira tauni ndi ambulera yobwereka. Pa tchalitchi cha St Peter pali nkhope zamiyala pafupifupi makumi anayi zosemedwa m'mphepete mwa denga, zina zoseka, zina zolusa, imodzi itavala chipewa. Kunja kwa tauni kuli nyumba yachifumu yakale ya Sudeley Castle, kumene kudaikidwa Katherine Parr, mkazi womaliza wa Henry VIII, amene adamwalira mu 1548. Sindinalowe, ndangoona mpanda ndi nkhosa zonyowa.

Chimene sindinayembekezere ndi fodya. Ndikuyenda m'timisewu ta nyumba zatsopano ndinaona chikwangwani cholembedwa Tobacco Close, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti tauni ino idalimapo fodya kwambiri. Malonda a ubweya atalowa pansi ndipo nyumba za amonke zitatsekedwa, anthu akuno adasauka, ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 adayamba kubzala fodya. Mu 1619 boma lidaletsa kulima fodya mu England, pofuna kuteteza fodya wa ku Virginia, dera la ku America limene linkalamulidwa ndi England, ndi msonkho umene mfumu inkatolera pa doko. Anthu a ku Winchcombe sadamvere. Adapitiriza kwa zaka makumi angapo, akuluakulu a boma akabwera kudzazula ankawathamangitsa, mpaka mu 1667 asilikali a pa akavalo adatumizidwa kudzawononga mbewuyo m'minda.

Ndinaima pansi pa chikwangwanicho mvula ikundidontha. Malume anga ku Kasungu akhala akulima fodya moyo wawo wonse. Ndikudziwa fungo la m'chigafa, manja akuda ndi utomoni, kusoka masamba usiku ndi koloboyi, ndi nkhope imene munthu amabwera nayo kuchokera ku okushoni mtengo ukagwa. Sindinaganizepo kuti m'kamudzi kachingerezi ka maluwa pakhomo mudakhalapo alimi a fodya osauka, amene phindu la thukuta lawo linkagamulidwa ndi anthu akutali amene sadagwirepo khasu. Madzulo ndawaimbira malume. Anaseka kwambiri, nati, "Mphwanga, ndiye azunguwo adathawa bwanji m'fodyamo? Ukafunse, udzatiuze njira yake."

Ndadya chakudya chotentha m'nyumba ina yomwera mowa, pafupi ndi moto, nsapato zikuuma. Pa khomo adalemba kuti oyenda pansi ndi olandiridwa, bola avule nsapato zamatope. Thuza laphwa.

Loweruka, kuchoka ku Winchcombe kufika pa phiri la Cleeve

Kwacha kowala, chilichonse chikunyezimira. Ndinawoloka kamtsinje ka Isbourne n'kuyamba kukwera, poyamba m'misipu, kenako m'nkhalango yoterera ndi matope a dzulo. Mbalame zonga nkhwali zazikulu, zamichira italiitali, zinkabuka m'tchire ndi phokoso lodzidzimutsa. Zimenezi amaziweta dala n'kuzimasula kuti adzaziwombe nyengo yosaka ikafika. Ndinadutsanso munda wa chimanga chachitali bwino, chobiriwira, ndipo ndinachiyang'ana ndi njala ya mondokwa. Koma chimenechi si cha anthu. Adzachidula chonse, phesi ndi chisononkho chomwe, n'kuchisunga kuti ng'ombe zidye m'nyengo yozizira.

Pamwamba pa chitunda pali Belas Knap. Ndi mtumbira wautali wokutidwa ndi udzu, manda a anthu amene adakhala kuno zaka zoposa 5,000 zapitazo, alimi oyambirira a dziko lino. Kutsogolo kwake kuli khomo lalikulu lamiyala lomwe silipita kulikonse, ndipo tizipinda tenitenito tili m'mbali. Ofukula adapezamo mafupa a anthu oposa 30, ana omwe. Chimene chinandidabwitsa ndi kamangidwe ka khoma la pakhomopo: timiyala tafulati togonekedwa popanda dothi, ndendende mipanda imene ndakhala ndikudutsa sabata yonseyi.

Panali anthu ena atakhala pamwamba pa mtumbirawo akudya masangweji, ana akukwawira m'tizipinda. Sindikuwaweruza, ndi mwambo wawo, ndipo kuno ngakhale njira zambiri zimadutsa pakati pa manda a patchalitchi. Koma ine sindikanatha. Kwathu kumanda sulowa popanda chifukwa ndiponso popanda chilolezo cha amfumu. Ndinavula chipewa, ndinazungulira cha patali, ndipo "odi" uja amene anandikanirira pakhosi Lachiwiri ndinamunena pano, motsitsa.

Kuchoka apo njira imatsika m'nkhalango, kudutsa pafupi ndi nyumba yakale ya Postlip, kenako kukweranso. Mwadzidzidzi mipanda inatha. Cleeve Common ndi busa lalikulu lopanda malire a minda, limodzi mwa malo amene adapulumuka pa kugawidwa kuja, ndipo mpaka lero alimi ena ozungulira ali ndi ufulu wodyetsapo ziweto zawo. Nkhosa zili balalabalala, anthu okwera akavalo, ena akusewera gofu pakati pa nkhosazo, ana akuulutsa makaiti. Sabata yonse ndayenda m'kanjira ka mita imodzi, kamuvi kakundiuza poponda. Apa ndinasiya njira n'kungoyenda kulikonse kumene mapazi afuna, monga tinkachitira kudambo.

Pamwamba penipeni ndi mamita 330, ndipo palibe malo ena okwera kuposa apa m'mapiri onse a Cotswold. Madzi a nyanja ya Malawi ali pamwamba kuposa pamenepa, osanena za Dedza. Koma chifukwa chigwa cha mtsinje wa Severn chili pansi kwambiri, maso amafika kutali: Cheltenham ndi bwalo lake la mpikisano wa akavalo kunsi kwenikweni, mapiri a Malvern uko, ndi mapiri a ku Wales akuoneka mwa chizimezime.

Ndinakhala pa mwala pobisalira mphepo n'kuimbira amayi pa WhatsApp, kuwazunguliza foni kuti aone. Anafunsa za dothi, ndinawauza kuti ndi la miyala, mbatatesi yawo ndi yabwino kuposa. Anafunsa kuti nkhosa zonsezo mbusa wake ali kuti. Kenako ndinawafunsa ngati akukumbukira bwinobwino mmene kanjira ka kudimba kankadutsira, kuyambira pa mtengo wa masuku mpaka pa chitsime, ndiponso ndani wina mwa akuluakulu amene angachitire umboni. Anatchula mayina anayi, mmodzi adamwalira chaka chatha. Ndawalemba kuseri kwa mapu angawa. Ndawapempha kuti akauze achimwene kuti ndikabwera mu Disembala tidzapite limodzi kwa amfumu, tidzayende m'tinjira tonse timene tatsala m'mudzimo ndi kutijambula papepala.

"Ubwere ndi nsapato zomwezo," anatero amayi. "Kudzakhala matope."

Basi yopita ku Cheltenham imaima pa msewu wa kumunsi kwa phirili. Ndatsala ndi theka la ola, ndiye ndiyambe kutsika.